Ndege ya amuna anga imachita chibwibwi ndikalowa pabalaza

Aphungu,

Ndakhala ndikuwerenga tsamba lanu kwa zaka zambiri, ndipo ndinkamvera chisoni anzanga olemba za amuna oledzera ndi amuna a zibwenzi. Lero wolemba ndine, koma vuto langa silimveka ngati vuto. Nditalifotokoza kuntchito anthu anaseka mpaka mnzanga wina anatsamwa tiyi. Pamene akusekapo, ine m'chikwama mwanga muli fomu yosinthana malo a ntchito ndi namwino wina wa ku Thyolo, ndipo ikufunika ku boma Lachisanu la sabata ya mawa. Ndikangosaina ndiye kuti ndikubwerera kwathu, banja lathera pomwepo.

Ndine namwino, ndipo ndinatumizidwa kuno ku Misuku zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo. Ndinafika ndikulira nditaona mapiri ndi msewu wake, koma ndinapezako mwamuna. Bambo akunyumba, a Pius, ndi mbadwa ya konkuno. Amagwira ntchito kumalo kumene alimi amaperekera khofi, ndipo ndi iwo amene amayeza pa sikelo n'kuonanso ngati khofiyo wauma mokwanira. Samwa, sasuta, sanandikwezerepo dzanja. Tili ndi mwana mmodzi, Wezi, wa zaka zinayi. Chilema chawo n'chimodzi basi: sakhulupirira chinthu chimene sanachiyeze okha. Nditadwala malungo chaka chatha, ine namwino ndikuwauza kuti thupi latentha, iwo anayamba afunafuna kaye choyezera kutentha kuti atsimikize.

Mavuto anabwera ndi mphatso. Achimwene awo amene ali ku Joni anawatumizira kompyuta pamodzi ndi kachogwirira kooneka ngati giya ya galimoto. Mu kompyutamo muli masewero oyendetsa ndege. Si ankhondo ayi. Umangokhala ngati uli pampando wa woyendetsa, kutsogolo mawotchi ambwee, pansi mapiri ndi mitsinje. A Pius ali mwana ankafunitsitsa kuyendetsa ndege, moti nditaona mmene nkhope yawo inawalira ndinati bola ndege ya m'nyumba kusiyana ndi bawo ya kumsika.

Mwezi woyamba tinkauluka limodzi. Anandionetsa mapiri a Mafinga kuchokera kumwamba, nkhalango ya Mughese, ngakhale msewu umene ndimadutsa popita kuchipatala. Anandiuza kuti mapiri ndi mitengo yonseyo sizikhala mu kompyuta, zimabwera pa intaneti ndege ikamayenda, kudzera pa kabokosi kamene anakoloweka pa msomali pawindo la pabalaza. M'nyumba monse ndi pokhapo pamene netiweki imagwira. Tsiku lina anandiulutsa mpaka ku Thyolo, ndipo nditaona minda ya tiyi ya kwathu misozi inalengeza. Mwezi utatha anandilowetsera nambala yachinsinsi ya kabokosiko mu foni yanga kuti ndisiye kukwera pachulu posaka netiweki. Ndinkadziona ngati mkazi wamwayi m'boma lonse la Chitipa.

Kenako ndege inayamba chimene iwo amachitcha chibwibwi. Ikuyenda bwinobwino, chithunzi chimaima kaye kanthawi kochepa ngati kuphethira, n'kudumpha. Ine poyamba sindinkachiona n'komwe. Anandikhazika pansi n'kundiphunzitsa.

"Anyina Wezi, ichi mukuona ngati chikuyenda si chinthu chimoza yayi," anatero m'Chichewa chawo chakumpoto. "Ni zithunzi zambirimbiri zotsatana, sikisite pa sekondi. Chimoza chikangochedwa, diso limapunthwa."

Ndinaloza kanambala kamene kali pakona. "Nanga apa si palembedwa fifite eyiti? Mukulirira ziwiri zokha?"

"Imeneyo ni avareji, ndipo avareji ni yaboza chomene. Mukakwera matola kuchokera pa Kapoka kubwera kuno ku Misuku, msewu wonse ungayende bwino, koma chimene mumakumbuka mukafika ni dzenje limene munamenyetsa mutu. Ine nikufuna kuyeza maenje."

Anaikamo pulogalamu yojambula mzere, wofanana ndi tchati chimene timapachika pabedi la wodwala. Mzere ukagona ndiye kuti zili bwino, ukabaya m'mwamba ndiye chibwibwi. Anagula kope lachikuto cholimba n'kulemba mizere ndi rula: tsiku, nthawi, nyengo, mamilisekondi amene chithunzi chachedwa, ndipo kumapeto "zochitika m'nyumba". Kuyambira pamenepo kuuluka kosangalala kunatha. Tsiku lililonse akaweruka amanyamuka pa bwalo la ndege la Karonga, kudutsa pamwamba pa nyumba yathu, kukatera ku Chitipa. Njira yomweyo, mitambo yomweyo, maso ali pa mzere. Kunja kwa ndegeyo sayang'anakonso.

Zimene sanayese ndi ziti, Aphungu? Anazimitsa firiji mpaka nyama inasasa. Anapopa fumbi ndi pampu ya njinga. Anaisanjika kompyuta pa njerwa kuti izipitidwa mphepo. Anachepetsa mitambo, kenako anagwetsa mitengo yonse ya mu Mughese mu kompyutamo, moti a zankhalango akanaona akanawamanga. Pomaliza anaikulunga m'bulangete langa latsopano, kuimangirira pa njinga yamoto, ulendo kwa fundi wokonza makompyuta ku boma. Kumeneko ndege inauluka tsiku lonse osatsokomola ngakhale kamodzi, ndipo anabwerako atakwiya kuposa mmene anapitira.

Patatha masabata asanu ndi limodzi anandiitana ndi ulemu wonse, kope lili pamiyendo.

"Anyina Wezi, ine sinikukunenani yayi. Akunena ni manambala. Mwalowa pabalaza pano ndege ili m'mwamba maulendo fote wanu, ndipo maulendo fote wanu onsewo mzere wabaya mphindi isanathe. Osaphonya."

Ndinaseka, ndimayesa nthabwala. Iwo sanaseke. Anandipempha kuti ndege ikakhala m'mwamba ndizidikira kaye kukhitchini, kuseli kwa nyumba, kuti kafukufuku asasokonezeke. Lero ndi mwezi wachitatu. Ndimachokera kuntchito miyendo ili zii, kufika pakhomo panga n'kuodira ngati wogulitsa masamba: "Odi, kodi mwatera?" Iwo mkatimo: "Zatsala mphindi seveni, nili pa Kapoka!" Ndikaloledwa kulowa, chonditonthoza ndi foni yanga yokha. Kuchipatala kulibe netiweki tsiku lonse, ndiye ndikangoponda pabalaza imayamba kunjenjemera m'thumba la yunifolomu, mauthenga a gulu la kwaya, gulu la anamwino, ndi abale a ku Thyolo amene satopa kutumiza mavidiyo a zinkhoswe ndi maliro.

Zikanathera m'nyumba ndikanapirira. Koma kuno kuli mwambo woti mkamwana, ndiye kuti mkazi wa mwana wako, sakhala chipinda chimodzi ndi apongozi ake aamuna. Mwambowu ndimausunga ndipo sundivuta. Lamlungu lililonse apongozi akachokera kutchalitchi amadzera kwathu, ine n'kupita kukhitchini. Ndiye tamvani: apongozi akakhala pabalaza, mzere uja umagona ngati tebulo! Mdalayo wafika ponyada nazo. Ndinawamva ndili kuseli akuuza anzawo awiri amene anabwera nawo kudzaonerera kuti, "Ndege iyi ili na ulemu, imadziwa akuluakulu."

Sabata yotsatira apongozi aakazi anandipeza kukhitchini. Anakhala pafupi, n'kundigwira dzanja mwachikondi.

"Mwana wane, osabisa yayi. Kwanu kula anakusambitsapo mankhwala uli mwana? Ise tingakuthandize. Makina sanama."

Aphungu, mawu amenewo anandilasa. Ndabadwitsa ana osawerengeka m'dera lino, ena mwa iwo adzukulu awo enieni, lero ndikufunsidwa zimenezi chifukwa cha ndege yosanyamula ngakhale thumba la chimanga. Nkhani yafika pamsika. Wa kuchigayo anandipempha moseka kuti ndiime patali ndi injini. Wa njinga yamoto anandifunsa kuti, "Asisita, mukakwera siizima panjira?" Amati akucheza, koma mayi wina woyembekezera anapempha kuti amuyeze mnzanga, osati ine.

Nanenso ndisadziyeretse. Tsiku lina ndinalowa dala ndikuvina, foni m'manja, n'kuzungulira tebulo katatu. Tsiku lina ndinazula chingwe cha magetsi ali pamwamba pa Mughese. Sanakalipe. Anangotsegula kope n'kulemba kuti, "Ngozi yochita kupangidwa."

Chimene chandifikitsa pa fomu ndi ichi. Lachitatu lapitali ali kuntchito ndinatsegula kope lija. Maulendo amene ndinalowa asananditulutse si fote wanu ayi, ndi fote firii. Mizere iwiri anaikhwatcha ndi cholembera chofiira, mowongoka bwino ndi rula. Masiku awiri amenewo ndinakhala pabalaza ulendo wonse ndipo ndege sinachite chibwibwi. M'mbali analemba kuti, "Mwina pulogalamu sinayeze bwino." Masikuwo ndikuwakumbuka. Lina ndinaiwala foni m'dirowa kuchipatala, lina inali itatha moto titachokera kukapereka katemera kumidzi, ndiye posowa chochita ndinangokhala phee kumawaonerera ngati kale. Ndinkaganiza kuti anasangalala nane, osadziwa kuti ndinali cholakwika cha pulogalamu.

Ndimawakonda bambowa, ndipo kuno mwana ndi wa kuchimuna, moti ndikachoka nkhani ya Wezi idzavuta. Komanso sindingakalambire kukhitchini ndikudikira ndege itere. Kodi n'zotheka thupi la munthu kusokoneza makina? Nanga bwanji firiji ya katemera ndi makina oyezera magazi sizinadandaulepo za ine? Ndisaine kapena ndisasaine?

E.K.,
Misuku, Chitipa.

Mayi E.K.,

Fomuyo ikhale kaye m'chikwama, cholembera mum'patse Wezi azijambulira. Ndivomere kuti nanenso ndinaseka, makamaka pa apongozi ndi ndege yawo yaulemu. Koma nditafika pa mayi woyembekezera amene anakukanani, kuseka kunatha. Dzina la namwino likaipa m'mudzi, amene amavutika ndi odwala.

Thupi lanu lilibe mlandu. Ine za makompyuta ndimadziwa poyatsira pokha, ndiye kalata yanu ndinapita nayo kwa Daphne, mayi amene amatikonzera makina kuno ku ofesi. Anawerenga mpaka pa mizere yokhwatchidwa, n'kuiponya patebulo. "Wolakwa ali m'thumba la yunifolomu," anatero.

Yankho mwalilemba nokha osadziwa. Mapiri a ndegeyo amabwera pa intaneti kudzera pa kabokosi kapawindo, ndipo njira yake ndi yopapatiza ngati msewu wa kwanuko. Inu mukalowa, foni imene yasala netiweki tsiku lonse imalumphira panjira yomweyo ndi katundu wa kwaya, wa anamwino ndi zinkhoswe zonse za ku Thyolo. Mapiri amayamba adikira kuti lole idutse, ndipo kudikirako ndiye chibwibwi. N'chifukwa chake mwezi woyamba kunalibe vuto, foni inali isanapatsidwe nambala. N'chifukwa chake kwa fundi ndege inauluka bwino. Apongozi nawo alibe mphamvu yapadera, mwambo ndi umene umathamangitsira foni yanu kukhitchini. Ndipo amene analowetsa nambala mu foniyo ndi a kafukufuku omwewo, ndi manja awo.

Makinawo sitinawaone, choncho musapite kukalalikira. Munthu wa sikelo sagonja ndi pakamwa, amagonja ndi sikelo. Loweruka likubwerali zimitsani foni kuyambira m'mawa kuti mauthenga aunjikane, ndipo uzani a ku Thyolo atumize mavidiyo onse amene ali nawo, ntchito imene sadzaikana. Madzulo a Pius anyamuke pa Karonga monga mwa masiku onse. Ulendo woyamba lowani inu, foni itatsala kukhitchini, mukhale pampando mpaka atere. Ulendo wachiwiri inu mutsale kunja, foni ilowe yokha. Ndinayesedwa kunena kuti ilowe m'thumba la jekete la apongozi, koma ayi, mdala alibe chifukwa ndipo simuchititsa manyazi munthu wamkulu pamaso pa anzake. Ilowe m'thumba la a Pius eni ake, aiyatse ali pamwamba pa Misuku, kuti pa "zochitika m'nyumba" alembepo dzina lawo. Bwerezani katatu mbali iliyonse, poti kamodzi adzati pulogalamu sinayeze bwino. Musanayambe, alembe pamwamba pa tsamba kuti palibe mzere umene ukhwatchidwe, asaine, cholembera chofiira musunge ndinu.

Zikatsimikizika, mankhwala ake ndi apafupi. Daphne akuti muletse foni kukopera yokha mavidiyo, kapena muzizimitsa intaneti yake ndege ikakhala m'mwamba. Akutinso masewero ambiri otere amalola kusungiratu mapiri a njira imene munthu amakonda kudutsa, ndipo poti bambowo sadziwa njira ina koma Karonga–Chitipa, imeneyo ndi ntchito ya tsiku limodzi. Abwezeretsenso mitengo ya mu Mughese. Ngati chibwibwi chipitirire foni palibe, apite kwa fundi ndi kabokosi komwe, osati kompyuta yokha, ndipo bulangete lanu alisiye.

Tsopano tikambe zenizeni, pakuti foni ndi nkhani yaing'ono. Bambo amene amayeza khofi wa anthu amadziwa kuti sungachotse thumba pa sikelo chifukwa choti nambala yake sinakusangalatse. Kawiri konse kope linakuikirani kumbuyo, kawiri konse iwo analitseka pakamwa. Sindikuganiza kuti ndi nkhanza. Atavutika masabata asanu ndi limodzi anafuna yankho, ndipo atalipeza analikonda kuposa choonadi. Koma aonetseni mizere iwiriyo, muwauze mmene munandiuzira ine, kuti masiku amenewo munkaganiza kuti akusangalala nanu. Muwakumbutsenso phunziro lawo lomwe la matola. Pa avareji ndi mwamuna wabwino, zaka zisanu ndi chimodzi zikuchitira umboni, koma miyezi itatu ya kukhitchiniyi ndi dzenje limene mwamenyetsa mutu.

Mbiri yoipayi inatuluka m'kope mwawo, ndiye oibweza ndi iwo. Anyamule kope lomwelo apite kwa mayi awo akafotokoze m'chinenero chawo, pang'onopang'ono, mpaka amve. Akadzere kuchigayo ndi pamalo oimikira njinga zamoto. Inu musatsagane nawo ndipo musakadziyankhire, mwadziyankhira kokwanira ndi ana amene mwabadwitsa. Apongozi aakazi musawasungire chakukhosi. Anabwera poyera n'kukugwirani dzanja, pamene ena akanangonong'ona kumbali. Kumbali yanu, zozula chingwe zija zithe. Mukhoza kupsereza makina, ndipo mudzapereka umboni kwa anthu amene akuusaka.

Chenjezo langa ndi ili, ndipo mukalilumpha zonse zapamwambazi zidzakupusitsani. Musayambe ndi kuyeza. Musatchule n'komwe za foni. Lachisanu la sabata ino madzulo, kompyuta ili yozima, ikani fomu ija patebulo pafupi ndi kope, muwafunse funso limodzi: "Bambo a Wezi, mawa manambala akanenanso kuti ndine, musankha ndege yosalala kapena ine pabalaza?" Mukatero musawathandize kuyankha.

Ndikutero chifukwa Loweruka mzere ukagona adzakutsegulirani chitseko ndi chimwemwe, mwinanso kukuulutsani mpaka ku Thyolo, ndipo inu mudzayesa kuti zatha. Koma mudzakhala mutalowa m'nyumba mwanu chifukwa makina akulolezani, ndipo tsiku lina wailesi ikadzayamba kukhosomola mudzapezekanso kukhitchini. Akayankha kuti bola ndege izichita chibwibwi inu muli pompo, ng'ambani fomuyo pamaso pawo. Akayamba kutsegula kope kuti aone kaye manambala, musang'ambe. Itanani ankhoswe a mbali zonse ziwiri lisanafike Lachisanu la ku boma lija, nkhani ya Wezi ikambidwe poyera, ndipo cholembera chosainira fomu chija mukachitenge kwa mwana.

Aphungu.